Ndinabisa Chotupa cha Tayala, Ba Mutinta Anataya Mkono

Ku Mukuni, mudzi wa kufupi ndi Livingstone, kuli mayi ena amene lero ali ndi mkono umodzi, ndipo amene anawadulitsa winawo ndine. Sindinawamenye, sindinawathamangitse ndi chikwanje, ayi. Ndinangowatsegulira chitseko cha galimoto ndikumwetulira, pamene ndinkadziwa bwinobwino chimene chinali pansi pa galimotoyo. Apolisi analemba kuti inali ngozi, ndipo kukhoti sindinapondeko. Koma inu owerenga ndikuuzani zoona zake, poti mwina pakati panu pali wina amene m'mawa uno waliza galimoto, tayala lake lili ndi nthenda imene langa linali nayo.

Ndinali woyendetsa takisi muno mu Livingstone. Makolo anga ndi a ku Chipata, koma ine ndinabadwira ndi kukulira ku Malota, komboni ya muno, ndipo misewu ya tauni ino ndimaidziwa ngati chikhatho changa. Ndinali ndi kagalimoto kanga kabuluu, kogula kwa munthu, kokalamba koma kooneka. Mukanandifunsa masiku amenewo ngati ndimasamala galimoto, ndikanakusekani. Ine? Ndinkakatsuka m'mawa ndi masana. Mipando ndinaiveka nsalu zofiira, kumbuyo ndinaika masipika oti akalira mumamva m'chifuwa, pagalasi ndinapachika kamafuta konunkhira. Anzanga pa renki, poimika matakisi, ankakatcha Mkwatibwi, ine nkumakondwa. Oilo ndinkasintha pa nthawi yake, chifukwa injini ikadwala imakuuza, imatsokomola, imakuchititsa manyazi pagulu. Tayala lilibe pakamwa. Langa ndinkangolipaka polishi wa nsapato kuti lide bii, basi ndasamala. Chikomekome cha mkuyu, abale, m'kati muli nyerere.

Pa renki pathu tinali ndi kamwambo kathu kamene tinkakatcha kubwereka suti. Nthawi yopita ndi galimoto kukayezetsa fitinesi ikakwana, sunkagula matayala. Unkayang'ana mnzako amene wagula atsopano chakumene, nkumupempha kuti akubwereke kwa tsiku limodzi, monga momwe munthu amabwerekera suti ya ukwati. M'mawa mumasinthana, iwe nkupita kukayezetsa. Oyezawo amagwira ntchito yawo, amayang'ana mabuleki, nyali, matayala, zonse zili bwino, nkukupatsa kapepala komata pagalasi. Pofika madzulo suti yabwerera kwa mwini wake, iwe wavalanso sanza zako. Palibe amene ankaona ngati nkulakwa. Tinkati ndi kuthandizana, ndipo wokana kubwereketsa tinkamunena kuti ndi wouma mtima.

Chaka chimenecho suti ndinabwereka kwa mnzanga Chanda, munthu wanthabwala amene tinkaimika magalimoto moyandikana. Pobweza anagogoda tayala langa lakale ndi nsapato nkunena kuti, "Mudala, iyi dazi yapitilila ya ba abusa!" Tonse tinafa nacho chiseko. Matayala anga onse anayi anali atapala dazi, osalala ngati pansi pa mbale.

Si kuti ndinalibe wondichenjeza. Ku Malota, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, pamakhala ba Mubita, bambo achikulire a ku Mongu amene amamata ndi kupopa matayala. Anandidziwa ndili mwana, ndipo ankandilankhula mosapsatira. Ndinawapititsira matayala aja kuti andijambulire mizere. Kwa inu osadziwa, kujambula ndi kutenga kampeni kotenthetsa pa mbaula nkumadula mizere yatsopano pa tayala lotha, kuti wongoona patali aziti likadali ndi moyo. Ba Mubita anatembenuza limodzi, anakanda ndi chikhadabo, nkundionetsa tiwaya titatulukira.

"Mwana, iyi tayala yasila," anatero. "Ukakwezamo bantu pali iyi, ni bokosi wanyamula, osati motoka. Ine sinijambula."

Ndinakwiya. Mumtima ndinati nkhalamba iyi ikufuna indigulitse matayala ake. Ndinanyamula katundu wanga nkupita kwa munthu wina wa kuseri kwa msika amene safunsa mafunso. Anajambula onse anayi, ine nkupaka polishi, matayala nkuoneka ngati angotsika m'sitolo. Ndinadutsa dala pa mtengo wa mango ndikuliza hutala kuti ba Mubita aone. Wosamva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Patapita masabata angapo ndinagunda dzenje lakuthwa m'mphepete pa msewu wina wa ku Malota. Tsiku lotsatira potsuka galimoto ndinapeza chotupa m'mbali mwa tayala lakumbuyo, kumanzere. Chinali ngati dzira la nkhuku. Inu oyendetsa galimoto, mvetsani apa. Chotupa chotere si chilonda chapakhungu. Chimatanthauza kuti ulusi wa m'kati mwa tayala waduka, ndipo mpweya ukugwiridwa ndi kachikopa kopyapyala kokha. Palibe chigamba chimene chimachiza zimenezo. Ine ndinkazidziwa, sindinganame kuti ndinali mbuli.

Koma chimene chinandidetsa nkhawa sichinali imfa ayi. Chinali apolisi a pamsewu. Chotupa chinali kunja, poonekera, ndipo wapolisi aliyense akanachiona asanandipatse ndi moni. Ndiye ndinaganiza nzeru imene ndinkaiona ngati yapamwamba: kulichotsa tayala pa limu nkulitembenuza, kuti chotupa chiyang'ane m'kati, kunsi kwa galimoto kumene munthu saona. Mopanda manyazi ndinapitanso kwa ba Mubita. Anandiyang'ana nkunena kuti, "Ufuna kubisa kuli ba polisi, nanga msewu uzaubisila bwanji?" Anakana kuligwira nkomwe. Munthu wa kuseri kwa msika uja analitembenuza ndisanamalize ndi botolo la fanta.

Taonani mmene munthu amadzipusitsira. Ndinabisa chotupa kwa apolisi, koma woyamba kuleka kuchiona ndinali ine. M'mawa uliwonse ndikamazungulira galimoto ndinkaona matayala anayi akuda, a mizere yokongola, kapepala ka fitinesi kali pagalasi, mtima nkukhala m'malo. Kugwada kuti ndisuzumire kunsi sindinkafuna, chifukwa ndinkadziwa chimene ndikachipeze. Ndinkangoti sabata yamawa ndigula lina. Sabata yamawayo inakhala mwezi. Ndipo pamwamba pa zonsezi ndinkapopa mpweya wopitirira muyezo, potsatira nzeru ya pa renki yoti tayala lolimba gwa silimwa mafuta ambiri. Sipeya m'buti inalimo, koma inali yophwa kuyambira kalekale.

Tsopano ndikuuzeni za ba Mutinta. Anali mayi amasiye a ku Mukuni, oluka madengu a mlaza. Madengu awo anali osiyana ndi a ena, oluka mothina, okhala ndi mizere yakuda yozungulira, moti ogulitsa ziboliboli m'tauni ndi a ku mathithi a Mosi-oa-Tunya ankachita kuwalimbirana. Ndi manja awiri amenewo analera ana, anaphunzitsa adzukulu, anamanga nyumba ya njerwa. Lachisanu lililonse ankabwera m'tauni kudzapereka madengu, ndipo pobwerera ankakwera takisi yanga, osati ya wina. Akandipeza ndatuluka ankakhala pa benchi nkumadikira, anzanga akuwanyengerera. Mayiwo ankati galimoto yanga ndi yaukhondo, ndiye kuti mwini wake ndi wosamala. Ankanditcha mwana wawo. Nthawi zina ankandibweretsera chibwantu, thobwa la kwawo, m'kachigubu, nthawi zina mtedza wokazinga wa ana anga.

Tsikulo linali Lachisanu la mwezi wa Okutobala. Amene munakhalako ku Livingstone mwezi umenewu mukudziwa kutentha kwake, phula limachita kufewa, chitsulo osachigwira ndi dzanja. Ba Mutinta anafika pa renki cha m'ma 12 koloko masana ali osangalala. Anali atagula matumba atatu a simenti oti akazire pansi m'chipinda chawo, ndi thumba la ufa. Tinapakira zonse. Matumba awiri analowa m'buti, enawo pa mpando wakumbuyo, ndipo poika ndinawakankhira kumanzere, pamwamba penipeni pa tayala lodwala lija. Galimoto inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Chanda anandikuwira kuti ndatembenuza Mkwatibwi kukhala lole, ine nkumukweza dzanja. Ndinawatsegulira ba Mutinta chitseko chakutsogolo.

Ndinali pa changu. Mlendo wina anali atandiimbira kuti ndikamutenge ku hotela ya kufupi ndi mathithi, ndiye ndinafuna ndikawatule mayiwo msanga ndibwerere. Titatuluka m'tauni ndinaponda mafuta. Mawindo onse anali otsegula chifukwa cha kutentha, ndipo ba Mutinta anatsamiritsa mkono wawo wamanzere pawindo, akundisimbira za mdzukulu wawo amene anakhoza mayeso.

Titakhotera msewu wa ku Mukuni ndinayamba kumva kumbuyo kukugwedezeka. Dupu, dupu, dupu, kamodzi pa kuzungulira kulikonse kwa tayala. Chiwongolero chinkanjenjemera m'manja. Ndinadziwa. Inu owerenga, ndikanakonda kulemba kuti sindinamve kalikonse, kuti zinangochitika mwadzidzidzi, koma ndinadziwa kuti chotupa chija chakula ndipo chikumenya. Nawonso ba Mutinta anamva.

"Mwana wanga, motoka ivina bwanji lelo?" anafunsa.

"Ni msewu chabe, ba mayo," ndinayankha, ndipo ndinakweza wailesi.

Ndikakhala pansi nkumaganiza za moyo wanga wonse, palibe chimene chimandiwawa kuposa dzanja langa lija likupita pa wailesi. Malo oimapo analipo, mthunzi unalipo. Ndikanatha kuima, kutsitsa simenti, kuimbira Chanda kuti adzawatenge. Ndinawerengera mtunda wotsala nkunena kuti lipirira, lapirira mwezi wonse.

Linaphulika ngati mfuti. Kumbuyo kwa galimoto kunathawira kumbali, ndipo ine ndi mantha ndinaponda buleki mwamphamvu, chinthu chimene munthu sayenera kuchita tayala likaphulika. Galimoto inapingasa msewu, inagunda m'mphepete, nkugubuduka. Ndikukumbuka fumbi la simenti litadzaza m'kati, kumwamba kuli pansi, magalasi akusweka. Kenako inagona chammbali, mbali ya ba Mutinta ili pansi, nkukhwekhwereka pamiyala isanaime. Wailesi inali ikuimbabe.

Ine ndinali lende pa lamba, pamwamba pawo, ndili ndi kabala kamodzi pamphumi. Kamodzi kokha! Nditayang'ana pansi ndinaona nkhope yawo yoyera ndi simenti, maso ali otsegula. Mkono wawo sunkaoneka. Unali kunja, pakati pa galimoto ndi miyala. Sanakuwe. Anandiyang'ana nkufunsa ndi mawu otsika kuti, "Mwana wanga, uli bwino?"

Anthu anathamanga, amuna osema ziboliboli amene ankadutsa pa njinga, ndi amayi ochokera kotola nkhuni. Atanditulutsa, tinanyamula galimoto ndi manja mpaka mkono unatuluka. Sindifotokoza mmene unkaonekera, mundikhululukire. Mayi wina anavula chitenje nkumanga pamwamba pa chigongono kuti magazi aleke. Galimoto ina yonyamula alendo inaima nkutitengera ku chipatala, ba Mutinta atagona pamiyendo panga, atakomoka, ine ndikungoitana dzina la Yesu ngati ndinali naye pa ubale. Madokotala anayesetsa masiku anayi. Tsiku lachisanu anaudula pamwamba pa chigongono.

Apolisi anabwera, anayeza msewu, anandiyeza ngati ndinamwa mowa. Laisensi inali bwino, inshuwalansi inali bwino, kapepala ka fitinesi kanali kakadali pa chidutswa cha galasi. Tayala lija linali litang'ambika zidutswazidutswa, zina zitamwazikira m'tchire. Enawo atatu anali okwiririka ndi fumbi, mizere yake ikuoneka. Analemba kuti tayala linaphulika chifukwa cha kutentha. Ndinasaina. Pa renki anzanga anandipepesa, ati chakudza sichiimba ng'oma. Chanda yekha sanachitenso nthabwala, ankangoyang'ana kumbali tikakumana.

Ndinkayesa kuti kupulumuka kwa apolisi ndiye kupulumuka. Ndinanama. Chilango changa chinabwera ngati chifundo. Choolwe, mwana wamkulu wa ba Mutinta, bambo wa banja lake, anabwera kunyumba kwanga ku Malota atanyamula nkhuku. Anati amayi ake amutuma kuti adzandione, chifukwa amva kuti sindikudya. Anati ndisadziimbe mlandu, banja lonse likudziwa kuti ndine woyendetsa wosamala, ndipo akundithokoza kuti sindinathawe koma ndinawagwira mpaka ku chipatala. Tisanasiyane anagwira dzanja langa nkundipempherera. Mkazi wanga anaphika nkhuku ija, ana anadya, ine sindinaikhudze.

Ndinkapita kukawaona ku chipatala, ndipo ulendo uliwonse ankandilandira ndi nkhope yowala. Tsiku lina ndinawapeza akuyesa kusenda nthochi ndi dzanja limodzi. Inawapulumuka nkugwa pansi. Anaseka nkunena kuti ayambiranso ukhanda. Ndinatuluka panja ngati ndikukayankha foni, ndinakaima kuseri kwa khoma nkulira ngati mwana.

Miyezi iwiri inatha ndili ndi chinthu chimenechi mumtima. Ndinaonda, tulo tinandithawa, kunyumba ndinkangokalipira ana popanda chifukwa. Pa mtengo wa mango ndinkazemba, ndinkazungulira njira yaitali. Koma tauni ino ndi yaing'ono. Tsiku lina m'mawa ndinakumana ndi ba Mubita maso ndi maso pa mpopi. Ndinawapatsa moni. Anatsuka m'manja mwawo pang'onopang'ono, kenako anati, "Ine sinizauza munthu. Koma iwe uziba, na ine niziba. Baja bamai bakupemphelela, iwe uli zii. Sumvela nsoni?" Anatenga chigubu chawo nkumapita.

Tsiku lomwelo ndinauza mkazi wanga zonse. Anandifunsa ngati ndinkamukweza iye ndi ana pa tayala lomwelo popita ku tchalitchi. Ndinavomera. Sanandilankhule masiku atatu. Tsiku lachinayi anandisitira malaya nkundiuza kuti ndipite ku Mukuni.

Ndinakwera minibasi. Tikudutsa pamalo paja ndinaona magalasi akunyezimirabe m'miyala. Ndinawapeza ba Mutinta atakhala pa mphasa pansi pa mtengo, dzanja la bulauzi lakumanzere litapindidwa nkumangidwa ndi pini. Anali ataonda. Choolwe anali pomwepo akukonza njinga, mkazi wake akutsuka mbale. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, koma ine ndinakhala pansi pa dothi. Ndinanena zonse mwandondomeko: za suti ya Chanda, za mizere yojambula, za chotupa, za kutembenuza tayala, za chenjezo la ba Mubita. Ndinanenanso kuti pamene anandifunsa za kuvina kwa galimoto ndinkadziwa chimene chinkavina.

Choolwe anaimirira sipanala ili m'manja. Sindinasunthe, ndipo kunena zoona ndinkafuna andimenye, mwina ndikanapepukidwa. Amayi ake anangomutchula dzina kamodzi, iye nkuima, akupuma ngati ng'ombe. Ba Mutinta ankayang'ana pansi, chala chawo chikutsata mizere ya mphasa. Atalankhula, mawu awo anali ozizira, opanda ukali.

"Sembe munaniuza chabe kuti tayala ni yodwala, sembe ninaseluka. Ninali na mendo, ninali na manja. Imwe munanisankhila."

Zoonadi, ndikanawauza akanatsika. Anali asananditchulepo kuti imwe, ngati mlendo, chiyambire. Ndinapepesa, ndinagubuduka pansi, koma mawu oti pepani ndi aang'ono, abale, amakwana ukaponda munthu phazi. Iwo anauza mpongozi wawo kuti alowe m'nyumba akatenge chinthu china. Anatuluka ndi dengu loluka theka, pansi pake patatha, m'mbali mlaza uli nyankhalala. Linali limene analisiya m'mawa wa Lachisanu lija. Analiika patsogolo panga ndi dzanja lawo limodzilo nkunena kuti, "Tengani. Mukasilize imwe." Atatero anadzuka movutikira nkulowa m'nyumba.

Sanapite kupolisi, ngakhale Choolwe ankafuna. Sananenenso kuti andikhululukira, ndipo ine ndilibe nkhope yofunsira. Mwezi uliwonse ndimapita ndi kathumba ka ufa ndi sopo. Mpongozi amalandira, iwo amandiyankha moni mwaulemu ngati mlendo wongodutsa. Kuluka kunatha. Anayesa kugwira dengu ndi mapazi, kukoka mlaza ndi mano, koma linkatuluka lokhota, ndipo munthu amene anali katswiri sangapirire kuona ntchito yotero ikutuluka m'dzanja lake. Mdzukulu anakhoza mayeso uja ali pakhomo, ndalama ya sukulu palibe. Dengu lija lili kwanga pamwamba pa kabati, ndipo ana anga amadziwa kuti saligwira.

Galimoto ndinagulitsa kwa ophwasula. Laisensi ndili nayo, koma ndikakhala pa chiwongolero manja amatuluka thukuta, ndiye ndinasiya. Pano ndimatsuka magalimoto a anthu pafupi ndi renki yomweyo. Ntchito imeneyi yandionetsa kuti anthu onga ine ndi ambiri. Bwana amabwera ndi galimoto yonyezimira, amandikalipira chifukwa cha kadontho pagalasi, koma ndikalowetsa dzanja kuseri kwa tayala ndimapeza waya akubaya. Ndikawauza, ena amathokoza, ambiri amati iwe tsuka, za matayala zisiye. Suti ikubwerekedwabe pa renki mpaka lero.

Ndiye inu owerenga, ndilibe maphunziro a umakaniko, koma zochepa izi ndinazigula modula, ndipo analipira ndi munthu wina. Galimoto yonse, ndi anthu onse ali m'katimo, imaima pa matayala anayi, ndipo pamene tayala limagunda pansi ndi pongokwana chikhatho. Likatha latha. Musalijambule, musalipake polishi, musabwereke la mnzanu kuti mukapusitse oyeza, chifukwa kapepala ka pagalasi sikagwira msewu. Mukaona chotupa, kaya nchaching'ono ngati mtedza, tayala limenelo lichoke tsiku lomwelo, ndipo muliboole ndi mpeni kuti wina asalitole nkukaligulitsa. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, ndipo muzitsata muyezo wolembedwa pa chitseko cha woyendetsa, osati nzeru za pa renki. Sipeya yophwa ndi katundu chabe. Matayala akaunjika amene amabwera kuchokera kunja muziwaopa, ena ndi okalamba ngakhale mizere ili yakuya, ena anapangidwira mayiko ozizira ndipo phula lathu la Okutobala saligwirizana nalo. Ngati simungathe kugula tayala, imikani galimoto. Njala ya sabata imodzi imapola.

Mukamva galimoto ikugwedezeka mwachilendo, imani pomwepo, osati pa mtengo wakutsogolo. Likakuphulikirani, gwirani chiwongolero ndi manja onse, chotsani phazi pa mafuta, musaponde buleki mwamphamvu, isiyeni ichepetse yokha liwiro. Ndipo inu okwera, musamachite manyazi. Mukamva chachilendo funsani, woyendetsa akakuyankhani mopepuka muuzeni aime mutsike. Ukhondo wa mipando usakunamizeni, ine yanga inali yonunkhira. Mkono musamatulutse pawindo, kutenthe bwanji.

Koma chachikulu chimene ndikupempha ndi ichi. Mawa m'mawa, musanalize injini, musanakweze mkazi wanu, ana anu kapena mayi a munthu wina, gwadani pansi. Kuzungulira galimoto mutaimirira sikokwanira, mbali yakunja ya tayala ndi imene imanama. Lowetsani dzanja kuseri, mbali yoyang'ana kunsi kwa galimoto, mupapase tayala lililonse kuzungulira. Mukapeza chimene mumachiopa, musachibise, ndipo amene akufuna kukwera muwauze kuti asankhe okha. Musaope kuda m'manja. Muli nawo awiri, lina lisambitsa linzake. Ba Mutinta akafuna kudya amakhala pa mphasa nkudikira mpongozi wawo amalize zimene akuchita, kuti adzawasambitse dzanja latsalalo.